Galu wa mkuwa pa ngolo ya Mroma

Tadala:
Moni nonse pagulu pano. Mnzanga wanditumizira chithunzi cha kanthu ka mkuwa, kobiriwira ndi ukale, kamene ogulitsa alemba kuti kanali pa galeta la Aroma. Kunsi n'kobowoka ngati chitoliro, m'mbali muli ngowe ziwiri zopindikira m'mwamba, ndipo pamwamba pali galu wowonda, wa miyendo italiitali, ataluma nguluwe pakhosi. Pa galeta la nkhondo ndikanayembekezera mkango kapena chiwombankhanga. Nanga galuyu akutanipo? Ndipo kanthuka kankagwira ntchito yanji?

Aphunzitsi a ku Zomba:
Funso labwino mwanawe. Choyamba tichotse nkhondoyo. Aroma sankamenya nkhondo pa magaleta. Julius Caesar atawoloka kupita ku Britain mu 55 BC, anapeza anthu akumeneko akumenyerabe nkhondo pa magaleta, ndipo analemba za iwo ngati chinthu chachilendo kwa asilikali ake. Ku Roma galeta la mawilo awiri linali la mipikisano, la zionetsero za milungu, ndi la mkulu wankhondo polowa mumzinda atapambana. Basi.

Kanthu kamene wafotokozako, ngowe ziwiri ndi chitoliro kunsi, ndikukaona ngati ka ngolo yapaulendo ya mawilo anayi, monga imene ankaitcha carruca. Ogulitsa amakonda kulemba kuti galeta chifukwa mawuwo amakopa ogula. Mwini wake ayenera kuti anali munthu wa minda yambiri, woyenda pakati pa mzinda ndi munda wake.

Mmisiri wa ku Mchinji:
Aphunzitsi, ine ntchito yanga ndi kuwotcherera ndi kukonza ngolo za ng'ombe, ndiye pamenepa ndatchera khutu. Ngowezo zinkakola chiyani? Chifukwa ngowe yopindikira m'mwamba siyikoka, imanyamula.

Aphunzitsi a ku Zomba:
Mwalasa bambo. Inkanyamula. Pamwamba pa ekiselo, pafupi ndi wilo lililonse, ankaimikapo mzati waufupi. Chitoliro chija chinkavekedwa pamutu pa mzatiwo. Ndiye malamba achikopa kapena zingwe zinkakoledwa pa ngowezo n'kukagwira bokosi lokhalamo anthu, moti bokosilo linkalendewera osakhudza ekiselo. Misewu ya Aroma ya miyala ija inali yolimba koma yogwedeza munthu mpaka mano, ndiye malambawa ankamwa kugwedezako. Ku Cologne, m'dziko la Germany, akatswiri anamanganso ngolo yotere pogwiritsa ntchito zitsulo zenizeni zakale, ndipo ukaiona pa chithunzi umamvetsa nthawi yomweyo.

Mmisiri wa ku Mchinji:
Ndiye kuti masipuling'i awo anali chikopa. Nzeru imeneyo ndaigomera. Komabe ndili ndi chikayiko. Mkuwa wothira mu chikombole suchedwa kuthyoka ukamenyedwa mwadzidzidzi. Ngolo yodzaza anthu ikagwa m'dzenje, ngowe ya mkuwa ingapirire?

Mayi a ku London:
Moni abale. Ndiyankheko pang'ono za mkuwawo, poti masiku amene sindili ku ntchito ndimakonda kukazungulira ku British Museum ndipo ndimawerenga zolembedwa pa magalasi. Si mkuwa wokhawokha ayi. Ankasakaniza kopa ndi tini, ndipo nthawi zambiri ankawonjezera mtovu kuti madzi a chitsulowo aziyenda bwino m'timakona ta chikombole. Mmisiri ankayamba waumba galuyo ndi phula la njuchi, n'kumumata dongo, n'kuwotcha kuti phulalo lisungunuke lituluke, kenako n'kuthira mkuwa wosungunula m'malo mwake. Dongo lija ankaliswa potulutsa. Chikakhala chatsopano chinkawala ngati golide. Kubiriwirako kwabwera chifukwa chokhala m'nthaka zaka mazanamazana.

Pa za kulimba, malo onyamula katundu weniweni ankaikapo chitsulo chakuda: mkombero wa wilo, mphete za pakati pa wilo, ndi pini yotsekera wilo kuti lisavuke. Pini ina imakhala ndi mutu wa mkuwa wokongoletsedwa koma tsinde lake ndi chitsulo.

Mmisiri wa ku Mchinji:
Zamveka mayi. Ndiponso ngati chitolirocho chavala mzati wa mtengo m'kati, katundu wambiri akutsikira mu mtengomo, mkuwa ukungogwira lamba kuti lisatsetsereke. Pamenepo chingathe kukhalitsa.

Kondwani:
Chabwino, ntchito yake taimva. Koma funso la Tadala la galu silinayankhidwe. Ine ndikuona ngati tikufuna kukumba tanthauzo pamene palibe. Mmisiri ankaumba chimene chikugulidwa. Lero galu, mawa kambuku.

Aphunzitsi a ku Zomba:
Mbali ina ukunena zoona, achimwene. Pa zokolera malamba zimenezi pamapezeka mitu ya ziwombankhanga, makosi a atsekwe, akambuku, ndi nkhope ya Bacchus, mulungu wa vinyo. Zambiri mwa izo n'zofanana. Koma dzifunse kuti n'chifukwa chiyani galu wosaka ankagulidwa. M'nthawi ya mafumu a Roma, kusaka kunali chizindikiro cha munthu amene ali ndi malo, akavalo, antchito, ndi nthawi yoti awononge. Mfumu Hadrian ankakonda kusaka moti anakhazikitsa mzinda wa Hadrianutherae ku Asia Minor, kumene lero kuli Turkey, pamalo amene anaphapo chimbalangondo. Miyala yozungulira yosema imene imaonetsa iye akusaka nguluwe, chimbalangondo ndi mkango ilipo mpaka lero, anaimata pa chipata cha Constantine ku Roma. Mfumu ikakonda chinthu, olemera a m'zigawo zonse amatsatira. Ndiye munthu woika galu ndi nguluwe pa ngolo yake ankauza aliyense wokumana naye pamsewu kuti iye ndi wa gulu liti.

Mayi a ku London:
Ndipo pali malo amene ngolo ndi galu weniweni anapezeka m'dzenje limodzi. Mu 2008 ku Karanovo, pafupi ndi Nova Zagora m'dziko la Bulgaria, katswiri wofukula zakale Veselin Ignatov ndi anzake anapeza ngolo ya mawilo anayi yokongoletsedwa ndi mkuwa, mafupa a akavalo awiri ali patsogolo pake, ndi mafupa a galu. Dera limenelo kale linali Thrace, ndipo Aroma analisandutsa chigawo chawo mu 46 AD. Olemera a kumeneko anapitiriza mwambo wa makolo awo wokwirira ngolo ndi ziweto pafupi ndi manda a mwini wake. Chakum'mwera, ku Mikri Doxipara m'dziko la Greece, m'chulu chimodzi cha manda anapezamo ngolo zisanu ndi akavalo ake. N'chifukwa chake zitsulo zambiri za ngolo zimene tikuzidziwa zikuchokera ku Thrace ndi ku Pannonia, kumene lero kuli Hungary. Ku Italy mkuwa wakale ankangousungunula n'kupangira zina.

Agogo a ku Ntchisi:
Ana inu, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Za ngolo sindikuzidziwa, koma agalu ndakula nawo, ndipo uzimba ndinapita ndili mnyamata nkhalango zisanathe. Galu amene mwana wanga Tadala wafotokoza, wowonda wa miyendo yaitali, ameneyo ndi wa kalulu ndi gwape. Kwa nguluwe sungatumeko galu wotero yekha. Nguluwe ikatembenuka imang'amba mimba kamodzi kokha. Pamafunika agalu a chifuwa chachikulu, angapo, oti aizungulire mpaka munthu wa mkondo afike. Kodi Aromawo ankasiyanitsa?

Aphunzitsi a ku Zomba:
Ankasiyanitsa kwambiri agogo, ndipo zimene mwanenazi n'zimene analemba. Agiriki ndiwo anayamba. Xenophon, msilikali wa ku Athens amene anakhala ndi moyo cha m'ma 400 BC, analemba kabuku konse ka kusaka ndi agalu. Agalu ake anali a ku Laconia, dera la Sparta, otsata fungo. Kusaka kwake kunali kwa maukonde: munthu mmodzi amatchera ukonde pa njira za kalulu, mlenje amamasula galu mmodzi wodziwa kununkhiza, akagwira fungo amamasula enawo mmodzimmodzi, mpaka kalulu akakodwe. Pa nguluwe analangiza kutenga agalu amphamvu a mitundu ingapo, maukonde okhuthala, ndi mkondo wokhala ndi mano awiri m'mbali kuti chilombocho chisakwere mpaka kufika pa dzanja la wobaya. Ananenanso kuti nguluwe ikakugwetsera mkondo, ugone chafufumimba n'kugwira zitsamba, chifukwa mano ake okhotera m'mwamba sangakunyamule ukamamatira pansi.

Agalu akuluakulu otchuka anali a Molossia, ochokera ku Epirus, kumpoto chakumadzulo kwa Greece. Amenewo anali a nguluwe, a ziweto, ndi a pakhomo.

Agogo a ku Ntchisi:
Zomasula galu mmodzi poyamba n'zoona zenizeni. Ukamasula onse pamodzi amasokoneza fungo ndi phokoso. Munthu ameneyo anasakadi, sanangomva kwa anzake.

Mayi a ku London:
Wa miyendo yaitaliyo ali ndi dzina lake, vertragus, galu wa Aselote a ku Gaul, kumene lero kuli France. Ameneyo satsata fungo, amatsata ndi maso n'kuthamanga. Ku British Museum kuli chosema cha mwala cha agalu awiri otere, wina akunyambita khutu la mnzake. Anachifukula cha m'ma 1770 pafupi ndi Roma. Ndikafika pamenepo ndimaima nthawi yaitali, chifukwa wosemayo anawadziwa agalu: nthiti zikuoneka, mimba yalowa m'kati, khosi lapindika mmene galu amachitira akamasangalatsa mnzake.

Aphunzitsi a ku Zomba:
Ndipo amene analemba za vertragus ndi Arrian, Mgiriki wa ku Nicomedia amene Hadrian anamuika kukhala bwanamkubwa wa chigawo cha Cappadocia. Iye ananena poyera kuti akuwonjezera pa zimene Xenophon analemba, popeza Xenophon agalu othamangawa sanawadziwe. Apa ndi pamene kusaka kunasinthira. Arrian sankafuna ukonde. Ankati kalulu apatsidwe mpata woyamba kuthawa, ndipo asamasulidwe agalu oposa awiri. Ankatinso mlenje weniweni amabwera kudzaona mpikisano wa galu ndi kalulu, ndipo amakondwa kalulu akapulumuka. Iye mwini ankati akapeza kalulu wothamanga bwino atagwidwa wamoyo, ankamulanditsa n'kumumasula.

Koma chimene chimandigwira mtima ndi mmene analembera za galu wake wamkazi, Horme, wa maso otuwa. Akuti ankamuperekeza kumalo ochitira masewera olimbitsa thupi n'kukhala pansi kumudikira. Pobwerera ankatsogola, akucheukacheuka kuona ngati mbuyake sanapatuke. Pa chakudya ankamugunda ndi phazi, ili kenako linalo, kumukumbutsa kuti nayenso alipo. Ali kamwana wina anamukwapula, ndiye moyo wake wonse munthu akangotchula chikwapu, ankabwera n'kudzigwetsa pansi mopepesa. Bwanamkubwa wolamulira asilikali zikwizikwi anakhala pansi n'kulemba zimenezi kuti galu wakeyo asaiwalike.

Agogo a ku Ntchisi:
Zomasula kalulu wogwidwa kale, kwathu akanati wazungulira mutu. Ife tinkasakira ndiwo. Koma ndamva kusiyana kwake. Ameneyo anali wokhuta.

Kondwani:
Ndi pamene ine ndikukanirapo agogo. Tisatengeke ndi Horme n'kuyamba kunena kuti Aroma ankakonda agalu. Aroma omwewo chaka chilichonse ankapachika agalu amoyo pa mphanda za mtengo n'kuwayendetsa mumzinda, pamene atsekwe ankawanyamula mwaulemu. Chifukwa chake akuti Agalli, anthu a ku Gaul aja, atabwera usiku kudzakwera phiri la Capitol ku Roma cha mu 390 BC, agalu sanauwe, amene anadzutsa asilikali ndi atsekwe. Agalu a zaka mazana otsatira ankalipira mlandu umene sanapalamule. Kunalinso nsembe ya galu pa mwambo wa Robigalia, pa 25 April, yopempha kuti tirigu asagwidwe ndi chiwawu. Ku Pompeii nako, mzinda wa ku Italy, kuli galu wina amene anafa ali pa unyolo phiri la Vesuvius litaphulika mu 79 AD. Chifanizo cha pulasitala cha thupi lake lopindika chikuonetsa mmene anavutikira. Ndipo wa ku Karanovo uja sanafe ndi ukalamba. Anaphedwa kuti aperekeze bwana.

Mayi a ku London:
Zonsezo n'zoona achimwene, sindikutsutsa ngakhale chimodzi. Koma zinazi nazonso n'zoona. Ku British Museum komwe kuja kuli mwala wa pamanda wa galu wamkazi dzina lake Margarita. Ndakatulo yake yalembedwa ngati galuyo ndiye akulankhula. Ikunena kuti anabadwira ku Gaul, anaphunzitsidwa kuthamangitsa nyama m'nkhalango ndi m'mapiri, sanamangidwepo unyolo wolemera kapena kumenyedwa, ankagona pa miyendo ya mbuyake ndi mkazi wake, ndipo anafa pobereka. Mwala wa mabulo ndi wosema zilembo sizinali zotchipa. Pa chikondwerero cha Diana, mulungu wamkazi wa alenje, pa 13 August, agalu osaka ankawaveka nkhata za maluwa ndipo tsikulo kunalibe kusaka.

Mmene ndikuonera ine, galu wosaka wa munthu wolemera ndi galu wa pa unyolo pakhomo ankakhala m'maiko awiri osiyana, monganso anthu a nthawiyo. Amene anaumbidwa mu mkuwa ndi woyambayo.

Tadala:
Ndiye agalu amenewa ankawagula kuti? Kapena aliyense ankaweta ake?

Aphunzitsi a ku Zomba:
Anali malonda aakulu mwanawe. Strabo, Mgiriki wolemba za maiko, polemba m'masiku a mfumu Augustus, anatchula zimene Britain inkatumiza kunja: tirigu, ng'ombe, golide, siliva, chitsulo, zikopa, akapolo, ndi agalu osaka. Taona, agalu ali mu mndandanda umodzi ndi golide. Cha m'ma 390 AD, Symmachus, mkulu wa ku Roma, analemba kalata yothokoza chifukwa cha agalu 7 a ku Ireland, ndipo anati Roma yense anawadabwa.

A kumunda nawo anali ndi malangizo awo. Columella, wolemba za ulimi, anati galu wa mbusa akhale woyera kuti mbusa asamusokoneze ndi mmbulu kukamachita mdima, koma wolondera nyumba akhale wakuda kuti masana aziopsa ndipo usiku asaoneke. Varro, wolembanso za ulimi, anafotokoza kolala ya chikopa yokhomedwa misomali yoteteza khosi la galu kwa mimbulu. Pa maina onse ankagwirizana kuti akhale aafupi, osavuta kuitana. Xenophon anapereka ambiri, monga Bia, Phylax ndi Lonche. Ku Oudna, m'dziko la Tunisia, kuli chithunzi cha pansi chopangidwa ndi timiyala chimene chikuonetsa alenje pa akavalo ndi agalu awiri, maina awo atalembedwa pamwamba: Ederatus ndi Mustela.

Mayi a ku London:
Kuno ku Britain amapezanso timipeni topinda ta nthawi ya Aroma, chigwiriro chake cha mkuwa chili galu akuthamangitsa kalulu, mphuno itatsala pang'ono kukhudza mchira. Timeneti n'tambiri, ndiye kuti chithunzicho chinatsika mpaka kwa anthu wamba amene ngolo analibe.

Kondwani:
Ine chikundivuta china. Kanthu kamene Tadala waona kali pa malonda. Kanachoka kuti? Ku Bulgaria zulu za manda zakumbidwa kwambiri ndi anthu ofuna chuma, ena ndi makina ofufuzira zitsulo. Akapeza ngolo amazula mkuwa wokhawokha, mafupa ndi zitsulo zadzimbiri n'kuzimwaza. Kanthuko kakafika kwa wogulitsa kamakhala kopanda kwawo. Sungadziwenso kuti kanali pa ngolo yanji, ya ndani, ya zaka ziti, kaya panali galu pambali pake. Ndiponso zabodza zilipo zambiri, kubiriwira kuja amakupanga ndi mankhwala.

Aphunzitsi a ku Zomba:
Apa ndiye tili limodzi kotheratu, ndipo zimandiwawa. Chitsanzo chake ndi ngolo ya ku Civita Giuliana, kunja pang'ono kwa Pompeii, imene analengeza mu February 2021. Akuba anali atakumba ngalande zapansi m'nyumba imene munali ngoloyo, ndipo ngalande zawo zinadutsa pafupi penipeni ndi ngoloyo osaipeza. Poti anaifukula ndi akatswiri, tikudziwa kuti inali ya mawilo anayi, inaima pa khonde moyang'anana ndi khola mmene munapezeka akavalo, ndipo phulusa linasunga ngakhale zizindikiro za zingwe ndi matabwa. Zokongoletsa zake za mkuwa ndi tini zikuonetsa zachikondi, zimene zinachititsa akatswiri kuganiza kuti inali ya zikondwerero, mwina ya ukwati. Akubawo akanaipeza, bwenzi lero tili ndi tizidutswa ta mkuwa khumi m'maiko khumi, aliyense akungoti galeta la Aroma.

Nkhaniyi si yalero. Galeta la Monteleone, la Aetrusika, anthu akale a ku Italy, la m'zaka za m'ma 500 BC, limene pa mtanda wake wokokera pali mutu wa nguluwe, mlimi analipeza mu 1902 ndipo mu 1903 linali litafika kale ku Metropolitan Museum ku New York. Anthu a ku Monteleone di Spoleto, kumene linapezeka, akhala akupempha kuti libwerere.

Mmisiri wa ku Mchinji:
Aphunzitsi, musanatseke, mwatchula magaleta a mpikisano koyambirira kuja. Nawonso ankawaveka mkuwa wonsewu?

Aphunzitsi a ku Zomba:
Ayi bambo, kumeneko kulemera ndi mdani. Galeta la mpikisano linali timitengo topinda, chikopa ndi zingwe, mawilo aang'ono, poima munthu mmodzi. Woyendetsa ankazimanga zingwe za akavalo m'chiuno, ndipo ankanyamula mpeni kuti adzidule galeta likagubuduzika. Ankazungulira bwalo la Circus Maximus ka 7. Magulu anali anayi: ofiira, oyera, obiriwira ndi a buluu. Diocles, woyendetsa magaleta wa ku Lusitania, dera la Portugal ndi Spain wa lero, anathamanga mipikisano 4,257 m'zaka 24 n'kupambana 1,462.

Ndipo agalu analowamo m'bwalo limenelo. Cassius Dio, wolemba mbiri ya Roma, analemba kuti m'masiku a mfumu Nero, eni magulu aja anayamba kudzimva n'kumakana kuthamanga pa mtengo woyenera. Mkulu wina wokonza masewera, Aulus Fabricius, anakana kuwanyengerera. Anaphunzitsa agalu kukoka magaleta n'kuwalowetsa m'malo mwa akavalo. Oyera ndi ofiira ataona zimenezo anatulutsa magaleta awo nthawi yomweyo. Obiriwira ndi a buluu anaumabe mutu mpaka Nero mwiniwake anaika mphoto.

Agogo a ku Ntchisi:
Amenewo ayenera kuti anali a Molossia aja. Wowonda wa kalulu goli sangalilole, ndipo chifuwa chokokera alibe.

Mmisiri wa ku Mchinji:
Ngati galetalo linali timitengo ndi chikopa mmene aphunzitsi anenera, agalu anayi a chifuwa akhoza kulikoka ndithu pa mchenga wosalala. Vuto likanakhala pokhota, poti galu saimva chingwe cha pakamwa ngati kavalo. Mayi a ku London, mukadzapitanso kumeneko mutijambulireko pini ya wilo ija chapafupi, mbali zonse ziwiri. Ndikufuna ndione mmene anagwirizanitsira mutu wa mkuwa ndi tsinde la chitsulo, ngati anathira mkuwawo pa chitsulo chomwecho kapena anachita kukhomera.